Gitala la Mlendo wa Amjomba

Anthu ena pothawa nkhondo ya ku Mozambiki ankasenza mapoto ndi mabulangete. Bambo amene anandiphunzitsa kuimba anafika pa Chiponde atasenza gitala lamagetsi lokulunga mumkeka, amayi ake okalamba akutsatira ndi kamtolo kumutu. Anali atagwirako ntchito ku Jeremani, ndipo gitalalo ndi makaseti anayi ndizo zinamutsalira. Ndinaganiza kuti mutu wake sukoka, koma pasanathe mwezi wosakoka mutu ndinali ine.

Amjomba anga anali ndi kasitolo kokonzera njinga, ndipo ine, nditalephera mayeso kawiri, ndinkamata machubu pamenepo. Iwo anapatsa mlendoyo chipinda cha kuseri chifukwa ankadziwa kukonza mawailesi. Mlendoyo sanalembetse ngati wothawa kwawo. Ankaopa kukampu, kumene ankati munthu wamsinkhu wake amafunsidwa kuti anali mbali iti pankhondoyo. Amjomba ankauza anthu kuti ndi mbale wawo wa ku Namwera, ndipo tonse tinkadziwa kuti apolisi akangomutulukira amutenga. Lamulo la amjomba linali limodzi, lakuti asamveke.

Nyimbo zake ankazitcha hevi meto. Tsiku loyamba anandimvetsera kaseti motsitsa kwambiri, khutu langa litagunda sipika. Poyamba ndinangomva ngati chigayo chameza mwala. Kenako ndinazindikira kuti m'kati mwa phokosolo chilichonse chili pamalo pake, ndipo ndinakopeka.

Tinkaphunzira masana makasitomala akachepa, chitseko chili chotseka, gitala losalumikiza ku chilichonse. Chokhwatchira nsambo tinachidula ku chigubu cha mafuta. Anandionetsa kupana nsambo ziwiri zazikulu ndi zala ziwiri zokha, n'kumaziyendetsa pamodzi. Chovuta chinali dzanja lamanja. M'mphepete mwa chikhatho umagoneka pansambo pafupi ndi pomwe zamangirira, kuti mawu asatalike, azingoti du-du-du. Ukatsindika kwambiri mawu afa, ukapepuza abalalika. Ndipo umakhwatcha chotsitsa chokhachokha mpaka mkono kutentha.

"Mbolembole, achimwene, pang'onopang'ono," ankatero. "Mukupopa njinga kodi? Mkono ukhale chete, liziyenda ndi dzanja lokha."

Kaseti tinkaibweza ndi bolopeni, kachigawo kamodzi kakhumi, mpaka ndigwire. Zala zinatuluka matuza, matuzawo anauma. Mvula itatha ndinali nditatha kuimba nyimbo imodzi yonse mothamanga ngati mmene inalili pakaseti. Koma gitala losalumikiza limalira ngati udzudzu, ndipo ine ndinkafuna kudzimva.

"Tilumikize kamodzi kokha," ndinamupempha.

"Ayi. Mawu amenewo si oimbira pamalire pano."

Sanafotokoze zambiri, inenso sindinafunse. Ndinakwiya. Ndinkati ndi nsanje basi, waona kuti wophunzira wayamba kumuposa.

Lachisanu lina amjomba ndi mlendoyo anapita kumzikiti. Ine ndinanamizira m'mimba. Pabenchi panali wailesi yaikulu ya kasitomala, yolumikiza ku batire ya galimoto, ndipo pobayira chingwe ndinkapadziwa. Ndinabaya, ndinakweza mpaka pothera, ndinagoneka chikhatho pansambo.

Sindibisa, chimwemwe cha nthawi imeneyo sindinachimvenso. Sipika inang'aluka mawu, malata anayankha, chifuwa changa chinanjenjemera. Uja anali udzudzu tsopano ankagunda mwachidule, mothamanga, mosalekeza. Ndinaimba mwina mphindi imodzi.

Nditasiya ndinamva mwana akulira panja. Kuseri kwa sitolo kunali mjigo umene amayi othawa nkhondo ankatungapo madzi. Ndinapeza zidebe zili mbwee, madzi akuyenderera, azimayi akulowa m'tchire ana kumsana. Kwa iwo amenewo sanali mawu a gitala, anali a mfuti. Mfuu yakuti nkhondo yawoloka inafika kumsika, ndipo anthu anatuluka mumzikiti mapemphero a swala asanathe.

Apolisi atatu a pachipata cha malire anafika ndi mfuti. Anandipeza nditaima pakhomo. Khamu linasonkhana. Mlendo uja anafika akuthamanga wopanda nsapato, anayang'ana wailesi, kenako anandiyang'ana ine kamodzi.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa wapolisi wamkulu.



"Ndine, bwana," anatero mlendoyo. "Ndimayesa wailesi."

Panali amuna oposa khumi amene anali ataima naye mzere umodzi mumzikiti. Palibe anatsutsa. Ine ndinali mwana wa pamenepo, iye anali wobwera. Amjomba anayang'ana pansi. Wapolisi anamvetsera kalankhulidwe kake n'kumufunsa khadi la othawa kwawo. Analibe.

Apo m'pamene tinazindikira kuti amayi ake mulibe m'chipinda, ndi kamtolo kawo komwe. Anamulola kukawafuna, wapolisi mmodzi ali pambuyo. Tinawapeza dzuwa litapendeka, m'kakhwawa kutsidya kwa minda, mwendo utathyoka. Anakana kuti aliyense awakhudze mpaka atamva mawu a mwana wawo.

Njira yonse yobwerera ndinkadziuza kuti tikafika ndiulula. Titafika ndinati mawa. Ndinkaopa chitolokosi, ndinkaopa amjomba, ndinkaopanso maso a azimayi aja.

M'mawa mwake kunabwera lole yowatengera kuchipatala ku Mangochi, kuti akachoka kumeneko apite kukampu. Gitala linatsala kupolisi. Mlendoyo anangondikodola kuti ndigwire mbali ina ya mkeka umene amayi ake anagonapo. Tinawakweza bwinobwino. Ndikuti nditsike, gogoyo anandigwira dzanja.

"Asikomo, mwanangu," anatero. "Mwatisunga bwino pano. Mulungu akudalitseni."

Ndinayankha kuti zikomo, ndipo ndinatsika.