Mzere Wachitatu wa Nyimbo ya Mayi

Chaka chimene tinamanga chiliza cha mayi anga ndinkakhala pa Migowi, ndikulemba timapulogalamu ta pa foni ta anthu a m'tauni amene sindinawaonepo nkhope. Abale anga ankadziwa kuti ndili pa ntchito, koma ntchito yake sankaimvetsa. Amalume, alongo awo a mayi, ankauza anthu kuti ndimakonza mafoni, ndipo ndinatopa nako kuwatsutsa.

Amalumewo ndi amene ankatsogolera kwaya ya mpingo wathu ku Chiringa. Mayi anakalambira m'kwaya imeneyo, ndipo anasiya nyimbo imodzi ya Chilomwe yopeka okha, imene sinalembedwepo paliponse. Amalume anafuna kuti nyimboyo idzaimbidwe pa tsiku lotsegula chiliza, mawu ake ali ndendende momwe mwini wake ankaimbira. Vuto linali loti ambiri m'kwayamo anali achinyamata, ndipo Chilomwe amangochimvera patali.

Tsiku lina anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Iwe wa mafoni, ika nyimbo ya mayi ako m'foni kuti ana aja aziwerenga. Mapepala amafunika wowalemba, ine maso anatha."

Anakhala pakhonde n'kuyamba kuimba, ine ndikutayipa. Chilomwe changa ndi chija chongomva akamakunena, kulemba ayi. Nditamaliza ndinawawerengera zimene ndinalemba.

"Mphwanga, chimenechi ndi chilankhulo cha dziko liti?"

Tinaseka, koma iwo anali atapeza kale nzeru. Anati ndipange zoti aliyense wa m'kwaya, akaona polakwika pa foni yake, akonze pomwepo. Akuluakulu odziwa Chilomwe analipo angapo, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Apa pakufunika ndifotokoze pang'ono za ntchito yanga. M'pulogalamu muli zinthu ziwiri: mawu enieni osungidwa pamalo amodzi, ndi mawu amene munthu amaona pa sikirini. Timazilumikiza ziwirizi kuti osungidwa aja akasintha, a pa sikirini asinthenso okha. Pa Chingerezi amati data binding. Kulumikizako kuli pawiri. Kwina mawu amangoyenda ulendo umodzi, kuchoka kosungira kupita pa sikirini. Kwina amayenda uku ndi uku, moti wogwira foni akasintha chilembo, kosungira nakonso kwasintha, ndipo mafoni ena onse atsatira.

Ndinawafotokozera amalume ndi njinga yawo yomwe. Ukapalasa, tcheni imazunguza gudumu, koma potsetsereka gudumu limathamanga lokha osakoka zopalasira. Njinga imene gudumu lake limakokanso zopalasira imakuphwanya miyendo pa mtsetse. Ndinawauza kuti zimene akupemphazo ndi njinga yachiwiriyo.

"Ku Chiringa kwathu mtsetse wake uti?" anatero. "Panga momwe ndakuuzira."

Ndinapanga. Kunena zoona, mtima wanga unkafunanso kuona. Mabuku a ntchito yathu amachenjeza kuti kulumikiza kwa uku ndi uku kuzigwiritsidwa ntchito mosamala, koma sindinaonepo ndi maso anga zimene zimachitika ukapereka nyimbo imodzi kwa anthu a kwaya yonse. Mawu oyamba aja, olakwikawo, ndinawasunga pambali.

Masiku otsatira ndinkatsegula laputopu ngati munthu wokaona msampha. Poyamba zinayenda bwino, zolakwa zanga zinkachoka chimodzichimodzi. Kenako mawu akuti Muluku, dzina la Mulungu m'Chilomwe, anasanduka Mulungu. Wachinyamata wina anaganiza kuti ndinaphonya zilembo, anandithandiza. Madzulo ake Muluku anabwerera. M'mawa kunali Mulungu. Ndinkangoona dzinalo likusinthasintha ndili pa Migowi, osadziwa chala chimene chikulikankha, ndipo zinkandisangalatsa kuposa momwe zinayenera.

Zinafika poipa pa mzere wachitatu. Pamenepo panali mawu amodzi amene akuluakulu okhaokha anayamba kulimbirana. Ena ankalemba mawu otanthauza kuti ndikupita kwathu, ena otanthauza kuti ndafika kwathu. Onse awiri ankalowa bwino m'nyimbo. Choipa china, munthu akamatayipa, chilembo chilichonse chinkafika kwa anzake nthawi yomweyo, moti pophunzira nyimbo ena ankaimba theka la mawu, mwini wake asanamalize kulemba.

Amalume anabweranso, ulendo uno osaseka.

"Dzulo taimba nyimbo zitatu nthawi imodzi. Tsiku layandikira, mphwanga. Ndikaimbe chiyani pamanda a mlongo wanga?"

Ndinamva chisoni, chifukwa sindinawaonepo akuda nkhawa chotero. Ndinakhala pansi n'kukonza monga ntchito imafunira. Sikirini ya aliyense ndinaisiya yongowerenga. Wofuna kusintha ankalemba pamalo apadera, mawu ake n'kudikira pamenepo osakhudza nyimbo. Ndiye panafunika munthu mmodzi wovomereza, kuti nyimbo ikhale ndi gwero limodzi. Munthuyo sakanakhala wina koma amalume.

Tinakhala pakhonde lomwe lija n'kuyamba mzere ndi mzere. Woyamba anavomereza msanga. Pa wachiwiri anabwezera Muluku pamalo pake n'kunena kuti wokhudzanso dzinalo adzaona. Titafika pa wachitatu ndinawawerengera mawu awiri aja. Anaimba mzerewo chapansipansi ndi mawu oyamba. Anaimbanso ndi achiwiri. Anabwereza, akugogoda bondo ndi chala.

"Tatsegula zimene unalemba tsiku loyamba lija," anatero.

Ndinatsegula. Pamalopo panali zilembo zimene sizinali Chilomwe, sizinalinso Chichewa. Zinali zimene khutu langa linatola, basi.

"Amalume, inu simukukumbukira mmene munaimbira tsiku lija?"

"Ndimakumbukira ndisanaone mafoni anuwa. Tsopano ndamva zonse ziwiri kambirimbiri, zonse zikumveka ndi mawu ake a mlongo wanga."

Yankho limeneli lakhala likundizungulira m'mutu mpaka lero. Ine ndinkayesa kuti ndalumikiza mafoni ndi kosungira kokha. Sindinadziwe kuti mutu wa munthu nawo umalandira zosintha, ndipo ulibe posungira zakale pambali. Mwinanso mayi ankaimba mawu onse awiri, lero awa, mawa awo, malinga ndi mmene mtima unalili. Wofunsa panalibe.

Ndinawauza amalume kuti asankhe amodzi, palibe adzadziwe. Anakana. Anati sangaike mawu m'kamwa mwa munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Pulogalamu iliyonse yolembedwa bwino imayenera kudziwa chochita pamene chinthu chikusowa, apo ayi imangoima kapena kuonetsa zamkutu. Ndiye ndinawafunsa funso la ntchito, loti sikirini izionetsa chiyani pamalo opanda mawuwo. Ndinati tikhoza kuikapo timadontho, kapena mawu onse awiri aliyense asankhe.

"Usaikepo kanthu," anatero. "Pamenepo ndi pa mayi ako."

Tsiku lotsegula chiliza kunatentha kwambiri. Kwaya inaima m'mbali mwa manda, achinyamata mafoni ali m'manja, akuphimba masikirini ndi zikhato chifukwa cha dzuwa. Ine ndinaima kumbuyo, ndikuopa kuti wina aiwala n'kuimba mawu ake. Mzere woyamba unadutsa. Wachiwiri unadutsa, Muluku ali m'malo mwake. Pa wachitatu dzanja la amalume linapitiriza kuwerenga kayendedwe ka nyimbo m'mwamba, koma kwaya yonse inatseka pakamwa pa mawu amodzi aja, kenako inapitiriza.

Kanali kanthawi kochepa, kongokwanira kupuma kamodzi. Ndinadzipeza nditatchera khutu, ndikudikira kumva ngati mayi anena kuti akupita kapena afika.