Apongozi M'chikepe

Hotela yaitali ija ya pakati pa mzinda wa Blantyre inali ndi dzina lake lachizungu, koma ku Domasi ankangoti kwa a Makaiko, ngati kuti njerwa zake anaumba okha. Komatu sankalakwitsa kwenikweni. A Makaiko anapita kutauni atangokwatira Eluby, nayamba kusenza simenti hotelayo ili dzenje chabe. Itatha, anawaveka jekete yofiira n'kuwapatsa chikepe, kachipinda koyendetsa ndi chogwirira, kokweza alendo kupita m'mwamba.

M'chikepemo munadutsa dziko lonse. Anayamba ndi azungu a minda ya tiyi, kenako nduna zamimba, kenako amabungwe othandiza othawa nkhondo ya ku Mozambique. Nthawi ya riferendamu atolankhani ankadzaza mpaka chitseko kukana kutseka. A Makaiko ankaimitsa chikepe mofewa, moti tiyi wa pathireyi sankatayika, ndipo zomva m'menemo sankatuluka nazo. Munthu wotere ndi wosowa, tinene zoona.

Koma ku Domasi jekete yofiira silima. Iwo anali mkamwini wooneka pakutha pa mwezi. Nyumba ya malata anamanga, mapeyala anadzala kudimba m'mbali mwa mtsinje, komabe apongozi awo, mayi Alesi, ankati mwana wawo anakwatiwa ndi hotela. Awiriwa ankapewana monga mwa mwambo. Akakumana panjira wina ankapatukira m'chinangwa, ndipo mawu ankadzera mwa Eluby kapena mwa mwana wamkulu wa a Makaiko, Ennie.

Chaka cha 1995 chinabwera ndi nkhanza. Eluby anamwalira mvula ikutha. Hotela inagulitsidwa, eni atsopano n'kuitanitsa chikepe choyenda chokha. Tsono mkazi akamwalira mkamwini amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ndipo kwawo kwa a Makaiko ku Phalombe kunangotsala manda. Woti anene kuti akhale kapena apite anali mayi Alesi, koma mayiwo anangoti duu. A Makaiko anachita mantha, osati pang'ono. Kufunsa sakanatha, paja mkamwini asamakule mwendo.

Sabata yawo yomaliza pantchito, anangoona Ennie akulowa pakhomo la hotela atagwira agogo ake padzanja.

"Ababa, agogo anabwera kuchipatala. Akuti aone chimene chinawalanda mkamwini, mpaka pamwamba penipeni."

Mawondo a nkhalamba sakanatha masitepe. Njira inali imodzi basi, kachipinda kochepa ngati khola la nkhuku, apongozi ndi mkamwini mpweya umodzi! Thukuta linawatuluka a Makaiko. Anavula chipewa, nayang'ana kukhoma, dzanja lili pachogwirira. Mayi Alesi anadziphimba kumaso ndi chitenje. Ennie anaima pakati, akuluma mlomo kuti asaseke.

Padenga panali mphepo, magalimoto pansi akuoneka ngati nyerere.

"Ennie, uwafunse bambo ako kuti kwathu n'kuti."

A Makaiko sanachite kufunafuna. Analoza phiri la Zomba, lobiriwira patali, nauza Ennie kuti kuseri kwake kuli Malosa, ndipo Domasi ali m'munsi mwake. Pomwe anaimapo, penti ya chitsulo chotsamira inali itafufutika ndi zigongono zawo. Pambali pa thanki yamadzi panali zitini zakale za mkaka, chilichonse chili ndi mbande ya peyala.

Mayi Alesi anawerama, nagwira tsamba limodzi. Anawadziwa masambawo. Mapeyala onse a kudimba kuja, amene zidzukulu zinakulira, anachokera kunthanga zotayidwa kukhitchini ya hotela, n'kulereredwa padenga pano moyang'ana kumudzi. Nkhalamba inangopukuta m'maso.

Potsika, aliyense anabwerera pakona pake. Chikepe chili pakati pa ulendo, mawu anamveka, ndipo sanadzere mwa Ennie.

"Apongozi."

A Makaiko anauma. Chikwatirire anali asanaitanidwepo ndi pakamwa pamenepo.

"Wawa, amayi."

"Zitini zija musazisiye kuno. Kumunsi kwa dimba kudakali malo, ndiye wothirira akhale pafupi."

Tsiku limenelo chikepe cha a Makaiko chinaima mwamphamvu, gwa! Ennie anadzandira n'kugwira khoma. Bambo ake anapepesa akuyang'anabe kukhoma, misozi yachimwemwe ikuyenderera m'masaya.