Zimene munandiuza pa madzi otentha

Ba Lackson, akulu anga, lero minibasi yaima pa Chinyunyu, ndipo nditaona nthunzi ya madzi otentha ndakukumbukirani. Ndi pomwe amalume anakubweretsani kuti musambe, pamene umuna wanu unauma mowawa osafuna kugwa. Iwo ankati mwagwidwa ndi mankhwala a mkazi wa mwini. Inu munali wopindika pa mwala, thukuta lili kamukamu, koma munandiseketsa: "Mkazi wa mwini, ine? Ine woopa ngakhale amayi ogulitsa nthochi?" Kenaka munandikokera pafupi n'kunena kuti, "Iwe, ndi matenda athu omwewa a siko selo, magazi amene tinatengera kwa atate ndi amayi. Amatsekeka kumeneko monga amachitira m'miyendo. Zikadzakuyamba, usadzachite manyazi ngati ine. Udzathamangire kuchipatala."

Chaka chatha chimwalirireni inu, ndipo sabata ino zandiyamba inenso. Zimabwera n'kutha zokha, koma ndikuopa tsiku limene sizidzatha. Kusukulu sindinauze aliyense. Amayi ali panja akutonola chimanga, ndipo sindidziwa mawu oyambira. Ndikupita kukakhala pafupi nawo mpaka mawuwo atuluke.