Dzina la Esnati pansi pa malaya

Ndinaganiza zopita ku Cape Town tsiku limene denga lathu linadonthera pa makope a Towera. Mwana wathuyo anali atangosankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ine ndinkatsitsa katundu pa doko la Nkhata Bay, ntchito yodikira tsiku limene sitima yafika. Mkazi wanga Esnati, amene anthu ankamutchula kuti NyaManda, ankagulitsa tomato ndi mafuta a nsatsi mumsika wa pa boma. Nditamuuza maganizo angawo sanakane. Anangofunsa, akundiitana ndi dzina la mwana wathu, kuti, "Awisi Towera, zaka zingati?" Ndinati ziwiri. Ndinakhalako zaka zisanu ndi zinayi.

Ntchito ndinaipeza kwa azungu awiri okalamba. Ndinayamba ndi kusamala maluwa, kenaka anandilowetsa kukhitchini, monga anachitira anthu ambiri a kwathu. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi a Mkandawire, dalaivala wochokera kumtunda kwa Mzuzu, munthu wanthabwala amene ankaseka ngakhale chakudya chikapserera. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama osaphonya. Malata anakwera padenga, Towera anamaliza sukulu. Pa ndalama sindinalakwe, ndipo kumbuyo kwa ndalamazo n'kumene ndinabisala.

M'chaka chachisanu ndi chiwiri Esnati anayamba kudwala impso. Ankanditumizira mauthenga a mawu pafoni, ine n'kumawamvera ndili pakati pa maluwa. Uthenga wina anati, "Khungu likundiyabwa ngati ndagona pa chitedze. Mubwere mudzandione ndikadali kuyenda ndekha." Ndinayankha potumiza ndalama za mankhwala. Mapepala anga ondiloleza kukhala m'dzikomo anali atatha, ndipo ndinkaopa kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Ndinamuuza kuti ndibwera pa Khirisimasi. Anamwalira mu Seputembala. Towera anaimba m'mawa ndikuthirira, n'kungonena kuti, "Ada, Ama atisiya." Maliro ndinawamvera pafoni imene mlamu wanga anaikweza m'mwamba kuti nyimbo zindifike.

Sindimwa mowa, sindinamwepo. Choncho zimene ndinachita patapita masabata atatu sindingazikankhire kwa mowa. Loweruka lina masana ndinalowa m'kasitolo ka pafupi ndi pokwerera matakisi, m'mene amajambula anthu pakhungu. Ndinalemba dzina la Esnati pakapepala, n'kutambasula mkono wamanzere. Mayi amene anandijambula anali ndi zithunzi mpaka m'khosi. Singano inkaluma ngati mavu, ndipo ndinakondwera kuti ikuwawa.

Atamaliza anandilangiza mofatsa, ngati namwino. Ndizitsuka ndi sopo wopanda fungo n'kuumitsa mongogunda ndi nsalu yoyera. Nkhanambo zikatuluka ndisazikande, zigwe zokha, chifukwa ukazisenda zimachoka ndi inki. Ndisaviike mkonowo m'madzi mpaka utapola. Ukapola ndizipaka mafuta pang'ono, ongonyowetsa khungu. "Mdani wamkulu ndi dzuwa," anatero. "Mafuta amafewetsa khungu, koma dzuwa salitchinga. Mukafuna kuti zilembozi zisafufuluke, ziphimbeni ndi malaya."

Malangizo amenewo ndinawasunga kuposa mmene ndinasungira lonjezo langa la zaka ziwiri. M'munda wa abwana munali alovera wambiri. Mkono utapola ndinkadula tsamba limodzi, n'kulisiya kuti madzi achikasu aja akhe, kenaka n'kupaka zoterera za m'kati. Zikauma ndinkadonthezera mafuta a kokonati. M'mawa uliwonse, ndikatha kupemphera, ndinkachita zimenezi. Tsiku loyamba kundipeza, a Mkandawire anaomba m'manja.

"A Longwe! Mkulu wa mpingo wathunthu, tatuu! Mawa tikuonani ndi ndolo."

Anayandikira kuti aone bwino. Atawerenga dzinalo anasiya kuseka, n'kutuluka panja. Sanadzatchulenso nkhaniyo, koma tsiku lina ndinapeza botolo latsopano la kokonati pamwamba pa sutikesi yanga.

Kutchalitchi kwathu, kumene Amalawi tinkasonkhana m'holo ya sukulu, palibe anadziwa. Jekete limabisa zambiri. Ndinkadziwa kuti akulu anzanga akanati zojambula pathupi chifukwa cha akufa siziyenera Mkhristu, ndipo ineyo ndinkaganizanso choncho. Koma chimene chinkandichititsa manyazi kwambiri sichinali chimenecho. Ndikamasisita mkonowo ndinkakumbukira uthenga wa chitedze uja. Khungu la mkazi wanga linang'ambika ine ndili kutali, ndipo tsopano ndinali kufewetsa langa.

Ndinakhalanso zaka ziwiri, osati chifukwa cha ntchito ayi, koma chifukwa choopa maso a Towera. Mauthenga ake anafupika. "Zafika, yewo." Basi. Bwana wamwamuna atamwalira, ana ake anagulitsa nyumba, ndipo chifukwa chokhalira kunjako chinandithera.

Ndinatsika minibasi pa boma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Towera ndinamupeza ali mayi wamkulu, atatenga malo a mayi ake mumsika. Anandilandira monga mwa mwambo. Anagwada, anandipatsa madzi, anaphika kondowole ndi nsomba ya batala. Zonse anachita bwino, monga mmene munthu amachitira ndi mlendo wa mpingo amene adzanyamuka Lolemba. Sankakhala pansi kuti ticheze. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, choti mwana wanga andiyang'ane ngati bambo ake, koma sindinkadziwa poyambira.

Ndipo ndinapitiriza kubisa. Kwathu kuno mwamuna amasamba kunyanja pamodzi ndi amuna anzake, malaya ali pamwala. Ine ndinkatunga madzi m'ndowa n'kukasambira kubafa. Ndinkavala malaya a manja aatali, omanga mabatani mpaka pamkono, pamene asodzi akuyenda chifuwa pamtunda. Ndinadzala alovera kuseri kwa khitchini. Mafuta a kokonati ndinkakagula kukasitolo ka ku Mwaya kumene amagula alendo a m'maloji, kuti mumsika asandifunse. M'mawa ndinkadzitsekera m'chipinda kwa kanthawi, n'kutuluka ndikununkhira kokonati.

Ada Chirwa, amene tinkanyamula nawo matumba padoko kale, anandiimitsa tsiku lina. "Longwe, kodi chisanu cha ku Kepi munabwera nacho m'chikwama? Vulani, mupsa!" Ndinaseka nawo, koma ndinaona kuti maso awo sakuseka. Ankayang'ana m'khosi mwanga ndi m'zikhatho. Sindinazindikire tanthauzo lake. Munthu wobisa chinthu amaganiza kuti anthu sakuona kanthu, pamene iwo aona kale china choposa chimene wabisacho.

Patatha mwezi, Lachisanu lina m'mawa, nditangodula tsamba la alovera, Towera anaima pakhomo la chipinda changa. Dengu la tomato anali atalitula pansi.

"Ada, ndiuzeni zoona. Mukudwala chiyani?"

"Sindikudwala, mama."

"Mumsika monse akuti munabwera ndi zilonda thupi lonse. Akuti n'chifukwa chake simusamba kunyanja. Amayi amandipepesa ngati maliro achitika kale." Analowa m'chipindamo. "Ine ndinadwazika Ama ndekha. Ndinkawatembenuza, ndinkawapaka mafuta msana wonse, inu mukutumiza ndalama. Ngati mwabwera kuti ndidzakudwazikeninso, nenani, ndikonzeke. Koma kuchipatala tipita lero. Zobisa ndatopa nazo."

Ndinamasula batani, n'kupinda malaya mpaka pachigongono. Zilembo zisanu ndi chimodzi zinali pamenepo, zakuda bii, zowala ngati zalembedwa dzulo.

Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti anena za tchimo, kapena za ukulu wanga wa mpingo. Sanatero.

"Ndiye zimene mumadzitsekerazi ndi zimenezi? Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Lasamalika," anatero. "Dzinali lasamalika kwambiri."

Mawu amenewo anandilasa kuposa singano ija, chifukwa ndinamva zimene sananene. Ndinamuuza kuti ndinalakwa. Sindinatchule za mapepala kapena za abwana. Ndinati amayi ake anandiitana ndipo sindinabwere, ndipo iyeyo ndinamusiya ndi mtolo umene unali wanga. Anatuluka. Ndinamva akusuntha zinthu kukhitchini, ndipo ndinaganiza kuti wanyamuka kupita kumsika.

Anabwerera ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, oderako, onunkhira utsi.

"Awa ndimayenga ndekha, mmene anandiphunzitsira Ama. Kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kenaka kuwengula a pamwamba. Ndi amene ndinkawapaka, ankati amawapatsa tulo. Ndi olemera, dontho limodzi likukwanani." Anaika botololo patebulo, pambali pa kokonati wanga. "Koma lero muvale malaya a manja aafupi, mundinyamulire denguli mpaka kumsika. Anthu aone kuti sindikuikanso maliro."

"Dzuwa lizifufulutsa," ndinatero. Ndinachita manyazi mawuwo asanathe n'kutuluka komwe.

"Zifufuluke, Ada. Kodi mukuganiza kuti kuno tinaiwala dzina lawo?"

Ndinapaka dontho limodzi. Fungo lake linali la manja a Esnati. Ndinavala malaya a manja aafupi amene anali pansi pa sutikesi, n'kunyamula dengu. Njira ya kumsika si yaitali, koma tsiku limenelo inanditalikira kuposa ya ku Cape Town. Ada Chirwa anationa tikudutsa, anandigwira mkono, n'kuutembenuza ngati akuyesa nsomba.

"Aa, Longwe! Ife tikukonza zopereka za bokosi, inu mukubisa kalata yachikondi? Mkulu wa mpingo!" Anaseka mpaka kukhosomola, ndipo ulendo uno maso awonso anaseka.

Mumsika amayi anandizungulira. Ena anagwira pakamwa, wina anati nkhaniyi ikafika kwa abusa, ndipo inafikadi. Ndinakafotokoza ndekha pamaso pa akulu anzanga, ndipo kwa miyezi ingapo ndinakhala pa benchi ya kumbuyo. Sindinadandaule. Koma chimene ndimakumbukira cha tsiku limenelo ndi china. Ndili chiimire pamenepo, mayi wina wogula anafunsa kumene angapeze mafuta a nsatsi, ndipo wogulitsa usipa analoza benchi ya Towera n'kunena kuti, "Pitani apo, pa NyaManda." Patapita kanthawi wina ananenanso chimodzimodzi kwa munthu wofuna tomato. Zaka ziwiri chimwalirire, dzina lake linali kutchulidwa mokweza tsiku lonse, padzuwa, pakati pa ntchentche ndi phokoso la maminibasi. Munthu yekhayo amene ankalitsekera m'chipinda ndinali ine.

Tsopano ndimasamba kunyanja m'mawa ndi amuna anzanga. Ndikatuluka m'madzi ndimaumitsa mkono, ndikafika kunyumba ndimapaka alovera ndi dontho la nsatsi. Dzuwa likakula kwambiri ndimavala manja aatali, koma chitseko sinditsekanso. Ngakhale ndikusamala choncho, zilembozo zayamba kutuwa, ndipo m'mphepete mwa chilembo choyamba inki yamwazika pang'ono. Sabata yatha Towera anaziona tikusankha nsatsi pakhonde, iye atakhala pamkeka pafupi nane.

"Ada, zikufufuluka," anatero.

"Ndaona, mama."

Anandikankhira lichero. "Sankhani bwino, zoola muziika apa. Mawa ndikuphunzitsani kukazinga."