Ulimba wa Agogo a Zuze Unakasamba ku Tauni

Agogo a Zuze akandibwerera m'mutu, choyamba kufika ndi fungo la phula lakuda likusungunuka m'phale, losakanikirana ndi utsi wa mlombwa umene ankauwamba pamakala pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, kwinaku kasemasema akulira pang'onopang'ono ngati munthu amene sakufuna kudzutsa mwana. Kwathu kunali kwa Makhuwira, kutsidya kwa Shire, kumene dzuwa limatentha mwakuti mbuzi zathu zinkayenda ndi miyendo itatu, wachinayi ukupuma, n'kumasinthanitsa. Amene akuti ndikunama apiteko mwezi wa Okutobala akawerenge yekha mapazi a mbuzi pamchenga.

Agogowa anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, ndipo anabwera ndi zinthu ziwiri zokha, mkwiyo ndi luso losema ulimba, umene iwo m'Chisena chawo ankautchula kuti valimba. Ulimba wawo unali wautali ngati bwato laling'ono. Unali ndi matabwa makumi awiri omangidwa ndi zingwe zachikopa, ndipo pansi pa thabwa lililonse pankalendewera chipanda chake. Chipanda chilichonse chinali ndi kabowo m'mbali, ndipo pakabowopo ankamatapo mvema, kansalu koyera kaja kamene kangaude amaluka pakhoma kuti asungiremo mazira. Mvema ndiye amapangitsa ulimba kunjenjemera mawu mpaka munthu kuumva m'mano. Chifukwa cha ichi, akangaude a m'nyumba mwathu anali ndi ufulu woposa wa ife zidzukulu. Agogo aakazi ankaloledwa kuzira pansi pokha, khoma ayi. Ndinaonapo ndi maso anga agogo akupepesa kangaude atamutsamira mwangozi, pamene ine atandiponda phazi anandifunsa chimene phazilo linkafuna panjira.

Ulimba saimba munthu mmodzi. Agogo ankakhala pakati, a Sande a tsidya la msewu ankakhala kumatabwa ang'onoang'ono, ndipo kumatabwa asanu ndi limodzi a mawu aakulu kunkakhala a Meke, mnzawo wa agogo amene anawoloka nawo malire tsiku limodzi. Awiriwa ankatchulana kuti shamwali ndipo ankakangana tsiku lililonse kuyambira m'mawa. Mbali yawoyo a Meke sankalola munthu kuikonza. Thabwa likasokonekera mawu, ankalitembenuza okha, n'kumatapo kaphula kunsi kwake, kuchepetsa, kuwonjezera, kudinikiza ndi chala chachikulu mpaka khutu lawo litavomera. Ukasuzumira kunsi kwa matabwawo unkaona zidindo za chala chawo paphula, zina pamwamba pa zinzake, za zaka zambiri.

A Meke anamwalira nthawi ya dzinja, ine ndili sitandade folo. Maliro awo anali a mvula ndi matope, moti ulimba sunatuluke m'nyumba. Choncho mkazi wawo, amake Tereza, anagwirizana ndi agogo kuti mapira akalowa m'nkhokwe adzaphika mowa wa chikumbutso, umene kwathu timati bona, ndipo tsikulo agogo adzasamuka pakati n'kukhala pamalo a mnzawo. Agogo ankati shamwali wawo amve mawu ake omwe kotsiriza, kenako apite akagone. Kuyambira pamenepo mbali ya a Meke anaifunditsa chiguduli, ndipo nkhuku imene inayesa kuterapo tinaidya tsiku lomwelo.

Mapira atangokololedwa kunafika galimoto yoyera yochokera ku Blantyre. Munatsika mayi wina wamagalasi ndi bambo wina wonyamula kamera, a bungwe loona zosunga chikhalidwe. Ndinene zoona, chifukwa ine sindinama: anali anthu aulemu. Mayiwo anagwada popereka moni, anamwa madzi a pamjigo wathu osakwinya nkhope, ndipo anafotokoza bwino kuti chaka chilichonse bungwe lawo limayenda m'maboma kusonkhanitsa mbiya, malichero, ng'oma ndi zosema, n'kuchititsa chionetsero kuti ana a m'tauni adziwe kumene anachokera. Chaka chimenecho inali nthawi ya kuchigwa kwathu, ndipo aliyense amene anamufunsa anawalozera kwa a Zuze.

Agogo anafunsa kuti kumeneko akauimba ndani. Mayiwo anayankha kuti palibe, ukangoonedwa.

"Ukaonedwa ukutani?" anafunsa agogo.

"Uli chikhalire, agogo. Anthu azidzadutsa n'kumauona."

Agogo anayang'ana a Sande, a Sande anayang'ana pansi. Kenako agogo ananena mawu awo a masiku onse, akuti nkhabe, kutanthauza kuti ayi. Koma alendowo anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Ananena za mbadwo ukubwerawu, ananena kuti dzina la a Zuze lidzamveka dziko lonse, ndipo bambo wa kamera anawonjezera kuti a Meke nawonso akadakondwa kuti ntchito ya manja awo yakwera phiri kupita ku tauni. Pamenepo m'pamene agogo anafewa. Anapangana masabata awiri, agogo atabwereza katatu za tsiku la bona. Iwo anavala jekete kuti aperekeze ulimba wawo, koma utakwezedwa kumbuyo kwa galimoto kunapezeka kuti malo a munthu palibe. Anatsala chiimire pamsewu ndi jekete lawo, fumbi likuwagwera. Chikhalidwe chinapita ku tauni, mwini wake n'kutsala.

Masabata awiri anatha. Amake Tereza anaviika mapira, chimera chinamera, anachiyanika, anachisinja. Mowa si mlandu woti ungauimitse. Ukautereka watereka, ndipo tsiku lake likafika umwedwe kapena utayidwe. Abale a a Meke anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera kwa Maseya, ena pa bwato kuchokera ku Makhanga. Agogo ankakhala pamsewu kuyambira m'mawa, ndipo anayang'ana kumene kumachokera magalimoto mpaka khosi linauma. Kwa mwezi wathunthu pambuyo pake ankati akafuna kuyang'ana kumwera ankatembenuka thupi lonse. Izi funsani aliyense.

Galimoto inabwera m'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi bona. Mayi wamagalasi anatsika akumwetulira, napepesa chifukwa cha kuchedwa, nanena kuti anthu anaukonda kwambiri ulimbawo moti chionetsero anachitalikitsa. Anati abweretsanso mphatso imene agogo sakuiyembekezera. Atachotsa lona, tonse tinatseka maso. Ulimba unkanyezimira ngati bokosi la maliro a munthu wolemera. Ntchentche ina inayesa kuterapo, inatsetsereka kuchokera thabwa loyamba mpaka lomaliza n'kukagwera pansi chagada. Ndinaiona ine.

Mayiwo anafotokoza monyadira kuti anyamata awo anagwira ntchito masiku atatu. Anati ulimbawo unafika uli ndi litsiro lomvetsa chisoni. Zipanda zinali ndi zisa za akangaude pabowo lililonse, choncho anazipala, anazitsuka ndi sopo, anapopera mankhwala, n'kutseka mabowowo ndi guluu kuti tizilombo tisalowenso. Kunsi kwa matabwa kunali zinthu zakuda zonanda, zimenenso anazipala ndi mpeni n'kukwecha ndi sandipepa. Zingwe zachikopa zinkanunkha, ndiye anazidula n'kukhomera matabwawo ndi misomali kuti asamagwedere. Popeza matabwa ena anali osatsatana bwino, anawasanja kuyambira lalitali mpaka lalifupi kuti azioneka bwino pachithunzi. Pomaliza anapaka vanishi kawiri. Zonsezi, anatero mayiwo, anachita kwaulere.

Agogo anatembenuka. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi timitengo tawo ta mphira kunsonga, anagwada kumbali ya a Meke n'kumenya thabwa loyamba. Linangoti pho, ngati munthu wagogoda chitseko cha nyumba yopanda anthu. Anamenya lachiwiri, chimodzimodzi. Kenako anagona chagada pafumbi, munthu wamkulu, n'kulowetsa mutu kunsi kwa ulimba. Anakhalako nthawi yaitali, akusisita matabwa ndi dzanja. Atatuluka anafunsa mayi aja mofatsa ngati amayi awo ali moyo. Mayiwo anati ali moyo.

"Akakalamba musadzawatengere kuntchito kwanuko," anatero agogo. "Angakawachotse lilime kuti m'kamwa muoneke bwino."

Bambo wa kamera anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Ataona kuti akuseka yekha, anasiya. Mayi aja nkhope inagwa, ndipo ndikukhulupirira kuti pamenepo m'pamene anayamba kuzindikira. Anapepesa, anafunsa ngati pali chimene angachite, koma anali ndi ulendo wokatenga mbiya kwina. Anasiya satifiketi yoyamikira agogo chifukwa chosunga chikhalidwe, n'kunyamuka.

Tsiku lonselo agogo ndi a Sande analimbana nawo. Mvema analipo wambiri m'nyumba, ndipo guluu anamutokosola m'mabowo ndi waya. Vanishi anayamba kumupala ndi chigamphu cha botolo. Koma pozula misomali matabwa anayi anang'ambika, ndipo ena onse anali atabooledwa pamalo pamene mawu amadutsa. Mbali ya agogo ndi ya a Sande akadaikonzanso pakapita miyezi, chifukwa eni ake anali moyo. Mbali ya a Meke inali nkhani ina. Phula limene linali pathabwa lililonse, kuchuluka kwake ndi pomwe linakhala, ankadziwa ndi munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali kumanda. A Sande anati angathe kukabwereka ulimba wa anyamata ena a kumsika, womata mapepala a pulasitiki m'malo mwa mvema. Agogo anati a Meke sanalonjezedwe phokoso, analonjezedwa mawu awo.

Mawa lake masana anthu anadzaza pabwalo la amake Tereza, mitsuko ya mowa ili pamthunzi, amayi atamanga nsalu m'chiuno kukonzekera kuvina. Agogo anauza amuna anayi kuti anyamule ulimba uja, mbali ina wopalidwa, mbali ina wonyezimira, n'kuuika pakati penipeni. Anakhala pansi kumbali ya a Meke, anaika timitengo tawo pambali, napinda manja.

"Uoneni," anatero. "Anthu ophunzira atiuza kuti ulimba ndi woona."

Ndipo anthu anauona. Khamu lonse lija, ena atayenda masiku awiri, linakhala chete kuyang'ana matabwa. Kunali zii moti tinkamva mowa ukuwira m'mitsuko. Ndinkaganiza kuti wina aseka, koma palibe anaseka. Patapita nthawi amake Tereza anadzuka pamphasa, anafika paulimba, anagwada, napisa dzanja kunsi kwa thabwa lalikulu monga ankaonera mwamuna wawo akuchita. Anafufuza thabwa loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chimodzi. Atatulutsa dzanja analiyang'ana, linali loyera.

"Alamu," anatero, "ndiye kuti bambo a Tereza afa kawiri."

Agogo anaweramitsa mutu. Amayi anayamba nyimbo ndi m'manja mokha, anthu anavina pang'ono chifukwa mowa unali utapsa kale, ndipo dzuwa lisanalowe ambiri anali atabalalika. Sindinaonepo bona yotha msanga chotero.

Chaka chotsatira galimoto yoyera inabweranso, muli anthu ena atsopano, chifukwa mayi aja anali atasamutsidwa. Anati ulimba uja unatchuka kwambiri ndipo akuupemphanso. Agogo anawauza kuti autenge ndipo asaubwezenso, chifukwa pakhomo pathu sitisunga mtembo. Anakhala zaka zina zingapo akusema mipini ya makasu ndi mipando. Ulimba wina sanasemenso, ngakhale a Sande anawanyengerera mpaka kutopa.

Lero ndimakhala ku Blantyre, ndipo bungwe lija likadalipo. Limagwira ntchito, sindikana. Mbiya zambiri zimene zikadasweka pa madzi osefukira zili bwino m'manja mwawo, ndipo ndamva kuti masiku ano amayamba afunsa asanatsuke chinthu. Koma chionetsero chawo chikatsegulidwa chaka chilichonse, ulimba wa agogo umakhala pakona, wopakidwanso vanishi, kuseri kwa chingwe chofiira, pali chikwangwani choletsa kugwira. Ana a sukulu amadutsa pamzere, aphunzitsi n'kumawauza kuti makolo athu ankaimba nyimbo zokoma ndi chinthu ichi, anawo n'kumagwedeza mitu ngati amvapo kanthu. Pambali pake pali kapepala kolembedwa m'zinenero ziwiri kuti chipangizochi n'chochokera kuchigwa cha Shire, ndipo amene anachipanga sadziwika.

Ndinalembapo makalata awiri, ndipo anandiyankha mwaulemu kuti nkhaniyi aiona. Ndiye chaka chilichonse ndimavala bwino, ndimalowa ngati munthu wina aliyense, ndimadikira kuti mzere wa ana udutse, kenako ndimadumpha chingwe chija, ndimafufuta mawu akuti sadziwika n'kulembapo mayina awiri, Zuze ndi Meke. Chaka chilichonse iwo amasindikiza kapepala kena. Mlonda wa pamenepo wanditulutsapo kanayi, kawiri atandigwira pamkono. Ulendo wachitatu ndinamufotokozera nkhani yonse tili pageti. Chaka chathachi nditadumpha chingwe, bolopeni yanga inakana kulemba. Ndinaikwecha pachikhatho, ndinaipumira mpweya, osatheka. Nditadzutsa mutu ndinaona mlonda uja ataima pambali panga. Anayang'ana kukhomo, anayang'ana kumene kuli ofesi, kenako anasolola bolopeni yake m'thumba la yunifolomu.

"Mulembe msanga," anatero, "ndipo mundibwezere."