Chilonda Chakuda pa Mkono wa Achimwene

Ng'ombe ya amalume inafa yosadwala n'komwe. Tinaipeza m'mawa itatupa, magazi akuda akuchucha m'mphuno, osaundana.

Ine ndinati tiikwirire. Sukulu ndinasiyira panjira, inde, koma ndinamvapo pa wailesi kuti ng'ombe zofa choncho zimapatsira anthu matenda. Amalume anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe unabadwa nkhondo itatha," anatero. "Ife ku kampu ku Malawi tinkalimbirana nandolo wofumbwa. Nyama sikwiriridwa."

Kwathu wosenda ndiye amatenga khosi ndi chikopa. Achimwene anga, bambo wa ana atatu, ananola mpeni. Padzanja anali ndi bala la chikwanje, koma ndani akanalabadira kabala?

Patapita masiku, pabalapo panatuluka chithuza. Chinaphulika, pakati n'kuda bii ngati khala. Sichinkapweteka, ndiye anthu ankati chipola chokha. Kenako mkono unatupa mpaka m'phewa, thupi n'kutentha ngati mbaula.

Ndikuwakweza achimwene panjinga kuti tipite kuchipatala ku Milange, amalume anandigwira malaya.

"Za ng'ombe usakatchule. Aboma akamva adzapha khola lonse. Ukanene kuti analumidwa ndi kangaude."



Msewu wochokera kwathu ku Mongue ndi maenje okhaokha. Mutu wa achimwene unkagunda msana wanga. Ndinkawayankhulitsa kuti ndidziwe ngati akadali moyo.

Namwino anayang'ana chilondacho osachikhudza.

"Bambo, munagwirapo chiweto chofa chokha?"

"Kangaude," achimwene ananong'ona. Munthu akufa, koma akuopabe amalume!

Namwino anatembenukira kwa ine. "Iwe, tandiuza zoona. Ndikapereka mankhwala olakwika, akulu akowa sabwerera kumudzi."

Munda umene timalima ndi wa amalume. Ng'ombe zimenezo ndiye chuma chokha cha mtundu wathu wonse.

"Ndi ng'ombe," ndinatero. "Anasenda ndi iwowa. Mudzi wonse wadya, nyama ina ayifutsa, ili pansanja."

Namwino anakuwira mnzake m'Chipwitikizi, anthu n'kuyamba kuthamangathamanga ndi majekeseni.

Achimwene anachira, ngakhale dzanjalo silifumbata bwino khasu. Aboma anabweradi. Anatentha chikopa ndi nyama yofutsa, anabaya katemera ng'ombe zotsala, ndipo palibe imene anapha. Koma gawo la munda limene ndinkalima amalume anapatsa mwana wa mlongo wawo wina. Tikakumana pamsika amalume amalavulira kumbali.

Alavule. Malovu ndi awo.