Udindo wa a Paraya

A Paraya anagwira ntchito ku mochale zaka makumi atatu, ndipo ankanyada kuti mwa makasitomala awo onse palibe anabwerako kudzadandaula.

Dzinali linabwera ndi dokotala wina wamagalasi. Tsiku lina anawapeza akudya okhaokha kukantini, nati, "Mwasanduka pariah, eti?" A Paraya, poti sukulu anailekezera pakhomo ngati enafe, anayesa kuti akwezedwa pantchito. Anagula penti nalemba PARAYA paloka yosungamo zovala, panjinga, ndi pakapu yawo yachitsulo, ija anzawo sankaikhudza ngakhale kukhosi kutauma gwa.

"Masisitala alipo ambiri, madokotala mbwee," ankatero, "koma Paraya ndi mmodzi chipatala chonse."

Bodza panalibe. Benchi ya kukantini ankaikhalira okha, malo uku ndi uku. Moni ankalandira wapatali, wongokweza dzanja. Iwo ankati ndi ulemu.

Atapuma pantchito miyendo inatupa, nagona m'kachipinda kwa mwana wawo wamkazi. Anzawo akuntchito sanabwere ndi mmodzi yemwe. Ndiye anaitana mkamwini wawo, mphunzitsi, namuuza kuti pamwala wa pamanda padzalembedwe udindowo, koma ayambe wawawerengera tanthauzo lake m'chibuku chake chija.

Mkamwini anatsegula dikishonale, nakhosomola.

"Bambo, akuti mawuwa Angerezi anabwereka ku Chitamilu, chilankhulo cha ku India. Kumeneko parai ndi ng'oma. Ndiye kuti... woimba ng'oma."

"Ng'oma? Ine, ndi manja awa? Mkamwini, ndasambitsa anthu ambiri osalankhula, nkhope yobisa kanthu ndimaidziwa. Chala chanucho chadumpha mzere."

Mkamwini anayang'ana mkazi wake, yemwe anaima pakhomo. Mkaziyo anayang'ana pansi.

"Akuti oimba ng'omawo ankasalidwa, bambo. Pa Chingerezi ndiye munthu amene anzake amamupewa."

Nkhalamba inaponya maso kudenga. Kenaka inapempha kapu yake ija, zilembo zitafufutika theka, niyamba kuigogoda ndi supuni pang'onopang'ono, ngo, ngo, ngo.

"Ndiye ng'omayo nayi," inatero. "Zaka makumi atatu benchi yonse ndekha, ine n'kumati akundilemekeza."

"Pamwala paja tisalembe, bambo?"

"Lembani, buku silinaname. Koma musavutike n'kukongoletsa zilembo. Adzabwere kudzawerenga ndani?"